Mpira wa Shrovetide ku Ashbourne: bwalo lake ndi tauni yonse, ndiye woonerera aime pati?

Kukatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti akhristu alowe m'nyengo ya Lenti, akalipentala a ku Ashbourne amakhala pa ntchito yodabwitsa. Amakhomera matabwa ochindikala kutsogolo kwa mawindo a mashopu, mabanki ndi malo odyera, mopingasa, pamlingo wa chiuno ndi chifuwa cha munthu wamkulu. Wofika kumene angaganize kuti kukubwera zionetsero. Kukubwera mpira.

Ashbourne ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha Derbyshire ku England, ya anthu pafupifupi 9,000, pamtunda wa makilomita 21 kuchokera mumzinda wa Derby. Chaka chilichonse, Lachiwiri lomwe Angerezi amati Shrove Tuesday ndi m'mawa mwake, Lachitatu la Phulusa, tauniyi imagawikana pawiri n'kumalimbirana mpira umodzi m'misewu, m'minda, m'matope ndi mumtsinje, kuyambira 2 koloko masana mpaka 10 koloko usiku. Dzina la masewerawa ndi Royal Shrovetide Football, ndipo Shrovetide ndi dzina la masiku otsiriza Lenti isanayambe. Kwa Amalawi okhala ku Derby, Nottingham, Leicester, Stoke, Birmingham kapena Manchester, ndi ulendo wa ola limodzi kapena awiri pagalimoto, ndipo palibe cholipira pakhomo, pakuti khomolo palibe. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kulibe mpanda wolekanitsa osewera ndi oonerera, kulibe mipando, kulibe mzere woti mpira watuluka. Malo amene mwaimapo akhoza kusanduka pakati pa bwalo mphindi imodzi isanathe.

Tsiku lake limasuntha chifukwa limatsata Pasaka. Shrove Tuesday imagwa masiku 47 tsiku la Pasaka lisanafike, choncho imakhala pakati pa 3 Febuluwale ndi 9 Malichi. Mu 2025 inali pa 4 Malichi, mu 2026 pa 17 Febuluwale, mu 2027 pa 9 Febuluwale. Onsewo ndi masiku a ntchito, ndiye amene mumagwira ntchito yosinthana pemphani tchuthi nthawi ikadalipo.

Akumtunda ndi akumunsi

Pakati pa tauniyi pamadutsa kamtsinje kotchedwa Henmore. Obadwira kumpoto kwake ndi a Up'ards, tingoti akumtunda. Obadwira kummwera ndi a Down'ards, akumunsi. Masiku ano ana ambiri amabadwira kuchipatala ku Derby, kutali ndi mtsinjewo, kotero mbali imatsata banja: mwana amatenga ya makolo ake, ndipo pali nyumba zomwe bambo ndi wakumtunda, mayi wakumunsi, masiku awiriwo aliyense n'kumachemerera kwawo. Yunifolomu kulibe. Amavala majezi akale a rugby, malaya ong'ambika ndi nsapato zomangidwa ndi tepi, ndipo amadziwana nkhope basi. Chiwerengero cha osewera nachonso chilibe malire. Amene akukankha zenizeni amakhala mazana angapo, owazinga amakhala masauzande.

Magolo ali motalikirana mamailosi atatu, pafupifupi makilomita 5. Lina lili ku Sturston, kumtunda kwa mtsinje chakummawa. Lina lili ku Clifton, kumunsi kwake. Mpira umayambira pakati, pamalo oimikapo magalimoto a Shawcroft. Tsono apa pamasokonekera aliyense wozolowera mpira wamiyendo: timu sipita kukamwetsa kugolo la adani. Imakokera mpira kwawo. A Up'ards amagoletsa ku Sturston, a Down'ards ku Clifton. Mukaona mpira ukulowera kummawa, dziwani kuti akumtunda ndiwo ali pabwino.

Kale magolowa anali zigayo ziwiri zoyendera madzi. Cha ku Clifton chinagumulidwa mu 1967, cha ku Sturston mu 1981. Mu 1996 anamanga zipilala za miyala m'mphepete mwa Henmore, chilichonse chokhala ndi mwala wa mphero woyang'ana kumadzi. Kuti chigoli chiwerengedwe, munthu ayenera kulowa mumtsinje n'kugunditsa mpira pamwalapo katatu motsatizana. Ndi m'nyengo yozizira, madziwo amaluma ngati singano, ndipo nthawi zambiri zimachitika kutada.

Mpirawo si wopopa. Ndi wachikopa, wosokedwa pamanja, wokulirapo kuposa wamiyendo, wolemera pafupifupi makilogalamu awiri. M'kati amaphatikamo tizidutswa ta cork wochokera ku Portugal, khungwa lomwe lija amatsekera mabotolo a vinyo, kuti ukagwera m'madzi uziyandama komanso usaphulike anthu akaupsinja. Kunja amaupenta pamanja ndi zithunzi zokhudza moyo wa munthu amene wapatsidwa ulemu woponya mpirawo tsikulo. Ntchito yopentayo imatenga masabata, koma ikangolowa m'manja mwa osewera utotowo suchedwa kusupuka. Mpira womwe wagoletsedwa amaupentanso n'kuupereka kwa wogoletsa, ndipo umakhala chuma cha banja lake, wopachikidwa pabalaza kapena m'bala ya kwawo. Ukapanda kugoletsedwa umabwerera kwa woponya uja.

Malamulo ndi ochepa moti amatha kuwanena onse pansanja masewera asanayambe. Kupha munthu n'koletsedwa, ndipo lamuloli amalitchuladi. Chiwawa chopanda chifukwa sachilola. Mpira usanyamulidwe pagalimoto kapena chilichonse cha injini. Usabisidwe m'chikwama kapena m'jekete. Kumanda, pabwalo la tchalitchi ndi m'munda wachikumbutso cha asilikali saseweramo. Ikakwana 10 koloko usiku, zatha. Chigoli chikalowa kusanade kwenikweni, isanakwane nthawi yomwe komiti yoyendetsa masewerawa inaika chakumadzulo, amatulutsa mpira wachiwiri n'kuyambiranso pa Shawcroft. Chikalowa nthawiyo itadutsa, tsikulo latha pomwepo. Zigoli n'zosowa. Masiku awiri athunthu amatha ndi 1-0, 1-1, nthawi zina osagoletsa n'komwe.

Zinakhalako bwanji mpaka lero

Mpira wamtunduwu unali ponseponse ku England mpira wamakono usanabadwe. Mu 1314 akuluakulu a mzinda wa London anauletsa m'dzina la Mfumu Edward II chifukwa cha phokoso ndi zipolowe. Lamulo la misewu la mu 1835 linaika chindapusa kwa osewera mpira pamsewu, ndipo matauni ambiri anagonja. Ku Derby, komwe masewera a Shrovetide anali otchuka kwambiri, anathetsedwa mu 1846 boma litabweretsa asilikali. Ena amati mawu oti derby, omwe ife timatchulira Bullets ikakumana ndi Wanderers, anachokera ku masewera a mumzindawo. Ena amati anachokera ku mpikisano wa akavalo. Mkanganowo sunathe. Bungwe la Football Association litalemba malamulo ake mu 1863, mpira unalowa m'bwalo la mizere, ndipo wam'misewu unatsala m'matauni owerengeka okanika.

Ashbourne ndi imodzi mwa matauni okanikawo. Chiyambi chenicheni sichidziwika popeza zolembedwa za komiti zinapsa ndi moto m'zaka za m'ma 1890, koma ambiri amatchula chaka cha 1667. Mukamva wina m'bala akunena kuti mpira woyamba unali mutu wa munthu wonyongedwa, sekani naye. Nthanoyo ndi yakale koma ilibe umboni. Chodziwika n'chakuti apolisi ndi makhoti anayesetsa kuthetsa masewerawa m'zaka za m'ma 1800, makamaka munthu atamira mu 1878, koma anthu ankalipira chindapusa n'kubwereranso chaka chotsatira. Nyimbo ya masewerawa, yomwe amaimbabe pa nkhomaliro, inapekedwa mu 1891 pa konsati yosonkhetsa ndalama zolipirira zindapusazo.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Mu 1928 Prince of Wales, amene anadzakhala Mfumu Edward VIII, anabwera kudzaponya mpira, ndipo dzina loti Royal linakhazikika. Mu 2003 anaponya ndi Prince Charles, yemwe lero ndi mfumu. Brian Clough, mphunzitsi uja anatengetsa Derby County ligi, anaponya mu 1975. Nkhondo ziwiri zapadziko lonse sizinaimitse masewerawa. Mu 1916 asilikali a ku Ashbourne anawasewerera ku France, ndipo mu 1943 amayi awiri anagoletsa, wina wakumtunda wina wakumunsi. Chomwe chinawaimitsa ndi matenda: a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe mu 1968 ndi 2001, poti mpirawu umadutsa m'minda ya ziweto, ndi Covid-19 mu 2021.

Mpanipani, ndi momwe umagwirira munthu

Tsikulo limayamba ndi nkhomaliro ya akuluakulu ndi osewera, yolowera matikiti omwe mlendo sangawapeze chisawawa. Musadandaule nayo. Ikamayandikira 2 koloko, woponya mpira amamunyamula pamapewa kudutsa m'tauni mpaka pansanja ya pa Shawcroft. Khamu limaimba Auld Lang Syne ndi nyimbo ya fuko, kenaka iye amakweza mpira m'mwamba n'kuuponya pakati pa anthu. Ngati mukufuna kuona zimenezi, fikani pa Shawcroft isanakwane 1 koloko ndipo muime kumbuyo, pamalo okwererapo. Kutsogolo kwa nsanja ndi kwa osewera. Ndi pamene mpira ukagwere.

Ukangogwa, umasowa. Anthu amauunjikira n'kupanga chimulu chomwe eni ake amati hug, kutanthauza kukumbatirana, ngakhale kukumbatirana kwake n'kothyola nthiti. Tiziti mpanipani. Amuna ojintcha makumimakumi, nthawi zina oposa zana, amakolana mapewa mitu ili pansi, mbali iliyonse ikukankhira kwawo. Mpira sumenyedwa ndi mwendo kawirikawiri. Uli penapake pakati, m'mikono ya anthu atatu kapena anayi. Poyang'ana patali mumangoona misana, ndi nthunzi ikufuka pamwamba pawo ngati pa mphika wa nyemba, chifukwa matupi atentha pamene mpweya uli pa madigiri 4 kapena 5. Nthunziyo ndiyo chizindikiro chanu. Pomwe ikufuka kwambiri ndi pomwe pali mpira. Kutopa kukafika, wina amatuluka nkhope ili psuu, kumwa madzi, mnzake n'kulowa m'malo mwake.

Mpanipani ukhoza kukhala pakona imodzi ola lathunthu osasuntha mamita khumi. Apa ndi pamene oonerera amapusa. Amayamba kutopa, amasendera pafupi, amatulutsa mafoni, ena amakweza ana pamapewa. Kenaka mpira umatumphukira m'mwamba, wina amaumenya ndi dzanja kuloza kwina, ndipo chimulu chonse chimaphwasuka n'kuthamangira komweko. Anthu a kutsogolo amathawa chobwerera, a kumbuyo sakudziwa kanthu ndipo akusenderabe kutsogolo. Amene ali pakati amapanikizika. Oonerera akhoza kuvulazidwa osati ndi osewera okha, komanso ndi oonerera anzawo othawa.

Choncho lamulo loyamba la woonerera ndi kuyang'ana kumbuyo kwake asanayang'ane mpira. Kumbuyo kwanu kukhale njira. Musatsamire khoma, mpanda wachitsulo, matabwa a pashopu kapena galimoto, ngakhale pakuoneka ngati pobisalira pabwino. Mpanipani ukafika pakhoma suima. Umangokanikiza chilichonse chili pakati. Misewu ya pakati pa tauni, monga Dig Street, Compton ndi St John Street, ndi yopapatiza, ndipo milatho ya pa Henmore ndi yoopsa koposa chifukwa anthu amaunjikana pamenepo kuti aone mumtsinje, pomwe potulukira ndi mbali ziwiri zokha. Malo abwino ndi pamphambano pomwe kamsewu kena kakupatuka, mamita 20 kapena 30 kuchokera pachimulu, kapena pabwalo lotambasuka la udzu komwe mungathawire mbali iliyonse. Pothawa musathamange kutsogolo kwa mpira ngati mbuzi pamsewu. Patukirani kumbali, khamu likudutseni.

Zikakanika n'kupezeka kuti mwalowa, musalimbane nawo mphamvu, simungapambane. Kwezani mikono kutsogolo kwa chifuwa ngati wankhonya, zigongono zili pafupi ndi nthiti, kuti mapapo akhale ndi malo. Choopsa m'khamu si kupondedwa kokha ayi, koma kukanikizidwa chifuwa mpaka kulephera kukoka mpweya. Mapazi akhale pansi motalikirana, muziyenda ndi funde la anthu kwinaku mukusendera m'mphepete pang'onopang'ono nthawi iliyonse likamasuka. Chinthu chikagwa, foni, chipewa, magalasi, chisiyeni. Wowerama ndiye amagwa. Mukagwa, dzipindeni chammbali, manja atchinge mutu, ndipo kuwani. Osewera ali ndi mwambo wolemekezeka pa ichi: akamva kuti munthu wagwa amafuula "man down", amaleka kukankha n'kumudzutsa. Koma amene ali kunja kwa chimulu samva msanga, ndiye masekondi oyambawo ndi anu nokha.

Sikafu yaitali, chikwama cha kumsana ndi kamera ya chingwe cha m'khosi zimakodwa. Zisiyeni, kapena zilowetseni m'kati mwa jekete.

Pali gulu lachiwiri la osewera lomwe mlendo salizindikira: aliwiro. Awa salowa mumpanipani. Amayendayenda m'mphepete atavala zopepuka, maso ali tcheru, kudikira kuti mpira utuluke. Ukawapeza, amaliyatsa liwiro kudutsa m'minda, kulumpha mipanda ya minga, kupatsirana, ndipo mtunda womwe chimulu chinalephera kwa maola asanu amaudula m'mphindi 15. Zigoli zambiri zimabadwa chonchi, makamaka kukada. Pakati pa Febuluwale dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndipo mdima ndi bwenzi la aliwiro. Ena amathamanga atakumbatira chabe mimba yawo kuti adani awatsate, mpira weniweni ukupita kwina. Pamakhala nthawi yomwe tauni yonse sidziwa komwe mpira uli, anthu masauzande akungozungulira ndi matochi n'kumafunsana. Musaone ngati masewera asokonekera. Ndi momwe amakhalira.

Mpira ukalowa mu Henmore, osewera amalowa nawo, madzi m'chiuno kapena m'chifuwa malinga ndi mvula ya sabatayo. Apa ndi pokoma kuonerera chifukwa muli pamtunda ndipo mpira ukuoneka. Koma gombe limakhala loterera, ndipo okankha ali kumbuyo kwanu. Siyani mzere woyamba kwa ena.

Kodi mlendo angasewere? Palibe lamulo lomuletsa. Koma kugoletsa kokha iwalani. Mpira ukayandikira golo, eni mbaliyo amasankha okha woti agunditse pamwala, nthawi zina pochita mayere pakati pa amene authamangitsa, ndipo amakhala munthu wa m'tauniyo amene wakhala akusewera zaka zambiri, mwina bambo ake ndi agogo ake anagoletsapo. Kwa iwo ndi ulemu wa moyo wonse. Wogoletsa amamunyamula pamapewa kubwerera naye m'tauni, ku bala ya Green Man pa St John Street, komwe komiti imakatsimikiza chigolicho. Mlendo wolowa mumpanipani osadziwa akukankhira kuti amangotsekereza, ndipo amamuuza mosanyengerera. Maganizo athu ndi akuti chaka choyamba muonerere basi. Ngati mtima ukukanika, funsani wa m'tauniyo yemwe mwacheza naye kuti akuonetseni poika phewa kunja kwa chimulu, mukankhe mphindi zochepa, mutuluke. Safunsa anadya phula.

Pali chinanso chokhudza ife okhala m'dzikolo ndi viza. Kukankhana kwa mumpanipani apolisi amakulekerera, koma nkhonya ndi nkhonya, kaya pali mpira kaya palibe. Apolisi amakhalapo, makamera a mafoni ali paliponse, ndipo mlandu womenya munthu umatha kudzakutsatani pokonzanso viza kapena popempha chilolezo chokhazikika. Amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala mukudziwanso kuti mbiri ya kupolisi imafufuzidwa. Mowa umayamba kumwedwa m'mawa, ndipo pofika 8 koloko usiku pamakhala ena olankhula zopanda mutu. Wina akakupondani kapena kukuyankhulani mwachipongwe, chokanipo. Ambiri mwa anthu a m'tauniyo amakondwa mlendo akafunsa za masewera awo, ndipo funso loti "Up'ard kapena Down'ard?" limatsegula macheza msanga kuposa moni.

Kukafika, kuvala, kubwerako

Ku Ashbourne kulibe siteshoni ya sitima. Njanji yake inatsekedwa kalekale ndipo pano ndi njira ya njinga. Sitima imakusiyani ku Derby kapena ku Uttoxeter, kenaka mumakwera basi. Kuchokera ku Derby ndi ulendo wosakwana ola. Vuto lili pobwerera. Masewera akatsekereza msewu, basi imapatutsidwa kapena kuima kunja kwa tauni, ndipo zausiku n'zochepa. Onani nthawi ya basi yomaliza musananyamuke kunyumba, ndipo konzekerani kukwera ya patsogolo pake. Matakisi m'tauni yaing'ono ngati iyi ndi owerengeka, usiku umenewo onse amakhala otanganidwa.

Apagalimoto amalowa ndi msewu wa A52 kuchokera ku Derby kapena Stoke, ndi A515 kuchokera ku Buxton kapena Lichfield. Musaimike galimoto pakati pa tauni, kapena pamsewu uliwonse wapakati pa Sturston ndi Clifton pafupi ndi mtsinje. Mpanipani ukaipeza panjira suizungulira. Magalasi a m'mbali amathyoka, zitseko zimabonyoka, ndipo palibe amene mungamuloze chala. Tsatani zikwangwani za malo oimikapo a tsikulo kunja kwa tauni, muyende wapansi mphindi 15 kapena 20. Fikani isanakwane 12 koloko.

Pa zovala, walira mvula walira matope. Nsapato zikhale zolimba, za zingwe, zokwera mpaka m'kakolo, zokhala ndi mano kunsi. Majombo a mphira amatchinga madzi koma amavuka m'matope okakamira ndipo simungathamange nawo. Nsapato zopepuka zamasewera zimanyowa m'mphindi zisanu n'kukusiyani zala zitachita dzanzi. Valani sokosi ziwiri, zina zouma zikhale m'thumba la pulasitiki. Kumtunda valani zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza, pamwamba jekete yosalowa madzi yomwe simukuidandaula. Jinzi ikanyowa siuma ndipo imazizira koopsa. Ambulera ndi yopanda ntchito m'khamu, imangobaya anzanu m'maso. Onjezani magolovesi, chipewa chaubweya ndi tochi yaing'ono, chifukwa njira za ku Sturston ndi ku Clifton zilibe magetsi ndipo batire ya foni imatha msanga kukazizira. Makiyi ndi foni zikhale m'thumba la zipi la m'kati.

Mudzayenda kwambiri. Wotsatira mpira tsiku lonse amatha makilomita khumi osazindikira. Idyani mokwanira musanafike. Mabala ndi ogulitsa zakudya m'misewu amakhala otsegula, koma mizere ndi yaitali, mashopu ambiri amatseka masana, ndipo zimbudzi n'zochepa poyerekeza ndi khamulo. Tengani ndalama zapamanja pang'ono popeza netiweki imalemedwa ndipo timakina ta makhadi timavuta. Pa chifukwa chomwecho, musadalire kuimbirana. Mukapita pagulu, gwirizanani malo okumanirana ndi nthawi yake musanabalalike. Tchalitchi cha St Oswald ndi chabwino pa ichi: nsonga yake ndi yotalika mamita pafupifupi 65, imaoneka kulikonse, ndipo mpira suloledwa kufikako. Netiweki ikalola, BBC Radio Derby ndi masamba a Facebook a m'deralo amanena komwe mpira wafika.

Ana amabwera ambiri, ndipo a m'tauniyo amakulira momwemo. Koma iwo ali ndi azakhali okhala m'nyumba zam'mwamba moyang'ana msewu. Inu mulibe. Mwana wamng'ono aonerere kuponya kwa mpira ali patali, kenaka muzitsatira kumbuyo kwenikweni kwa khamu, ndipo kukayamba kuda mubwerere. Ngolo ya mwana isalowe m'misewu yopapatiza ija ngakhale pang'ono, chifukwa simungaitembenuze anthu akamathawa. Amayi oyembekezera ndi aliyense wovutika kuyenda asankhe malo okwera, akhale pomwepo, mpira ukabwera ubwere, ukapanda kubwera basi.

Wina akavulala, pamakhala achithandizo choyamba ndi oyang'anira ovala majekete owala. Aitaneni iwo poyamba chifukwa amadziwa njira yodutsira m'khamu. Pangozi yaikulu imbani 999, pa zazing'ono 111. Chipatala chachikulu cholandira ovulala chili ku Derby. Zovulala zofala ndi nthiti, akakolo obinya, zala ndi mabala a minga ya m'mipanda. Amene wagwera mumtsinje avule zonyowa msanga. Kuzizidwa kumalowa mwakachetechete, munthu n'kumati ali bwino pomwe akunjenjemera ndi kulankhula mosokonekera.

Minda yomwe mpira umadutsa ndi ya anthu. Osewera akalumpha mpanda, oonerera safunika kutero. Gwiritsani zipata, tsekani mukadutsa, musakwere pamakoma a miyala kapena pamadenga a timashedi. Chaka chilichonse komiti imalipira zowonongeka kuchokera ku ndalama zomwe anthu a m'tauniyo amasonkha, ndipo chomwe chimaopseza tsogolo la masewerawa masiku ano ndi mtengo wa inshuwalansi ndi madandaulo a eni malo, osati apolisi ngati kale.

Ashbourne si yokha. Ku Atherstone, m'chigawo cha Warwickshire, amasewera Lachiwiri lomwelo mumsewu umodzi, Long Street, kuyambira 3 mpaka 5 koloko, ndipo wopambana ndi amene wagwira mpira nthawi ikamatha. Mphindi zomalizira kumeneko kumakhala nkhonya zenizeni, si koyambira. Ku Kirkwall, pa zilumba za Orkney ku Scotland, a Uppies ndi a Doonies amalimbana pa Khirisimasi ndi pa 1 Januwale, ndipo golo la a Doonies ndi nyanja ya padoko. Ku Workington amasewera nthawi ya Pasaka. Okhala ku Italy ali ndi calcio storico ya ku Florence, ya osewera 27 mbali iliyonse kwa mphindi 50 pabwalo la mchenga la Piazza Santa Croce, fainolo yake pa 24 Juni. Koma imeneyo ndi ya matikiti ndi mipando, woonerera amakhala kuseri kwa mpanda.

Ngati mungathe tsiku limodzi lokha ku Ashbourne, ganizirani Lachitatu. Lachiwiri ndi la alendo ambiri ndi atolankhani. Lachitatu minda imakhala itapondedwa kale, matope afika m'maondo, osewera ali ndi mabandeji a dzulo, ndipo mbali yomwe ikutsalira imakhala yolusa chifukwa mawa kulibe. Mpira ndi watsopano, woponya ndi wina, nthawi ndi yomweyo. Akatolika ndi Aangilikani amatha kulandira phulusa m'mawa n'kukafika pa Shawcroft nthawi ikadalipo. M'galimoto siyani thaulo, zovala zosinthira, ndi matumba awiri akuluakulu a zinyalala, lina la nsapato, lina loyala pampando.